Kodi maola a mu ofesi a mkulu wa oyendetsa ndege tiziwawerengera?

Wokonza ndandanda:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimakonza ndandanda ya oyendetsa ndege pa kampani ina kuno ku Harare. Lachinayi lapitali kaputeni wina anadwala mwadzidzidzi, ndipo ulendo wamadzulo wopita ku Johannesburg unasowa woyendetsa. Maso onse anali pa mkulu wa oyendetsa ndege, amene anali pa msonkhano mu ofesi kuyambira 8 koloko m'mawa. Kompyuta inkaonetsa kuti tsikulo iwo akupuma, popeza masiku awo a mu ofesi sitiwalemba. Ndinakana kuwaika pa ulendowo, ndege inachedwa, ndipo abwana akuti ndinawonongetsa ndalama. Kodi ndinalakwa?

Kaputeni wakale:
Simunalakwe, mayi. Mu Annex 6, gawo la malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege pa dziko lonse, ntchito si kuuluka kokha ayi, koma chilichonse chimene kampani yamutuma woyendetsa ndege, kuphatikizapo za mu ofesi ndi maphunziro. Munthu amene wayamba 8 koloko m'mawa, n'kupita ku bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg madzulo ndi kubwerako usiku, amatera pa bwalo la Robert Gabriel Mugabe ku Harare atatopa kale, ndipo nyengo ya mvula ino mabingu angamuchedwetsenso m'njira. Chondidetsa nkhawa n'chakuti mkuluyo ndiye woyenera kuteteza malamulowa, choncho akawaphwanya yekha, wamng'ono sangalimbenso mtima kunena kuti watopa.

Wa mu chipinda choyang'anira maulendo:
Ndikugwirizana ndi a Kaputeni, koma vuto lenileni lili pa kalembedwe kanu. Kwathu tinapatsa masiku a mu ofesi chizindikiro chawochawo mu kompyuta, ndipo ngati tikufuna kuti mkuluyo akhale wodikirira kuitanidwa kukayendetsa ndege, tsikulo sitimuikira msonkhano ngakhale umodzi. Onaninso buku la kayendetsedwe ka ntchito la kampani yanu limene a CAAZ, bungwe loyang'anira za ndege ku Zimbabwe, anavomereza, chifukwa malire a maola amene amakumangani ali mmenemo, ndipo ndi limene mungawaonetse abwana.

Kaputeni wakale:
Ndiwonjezerepo chimodzi chimene chimaiwalika. Woyendetsa ndege ayenera kukhala atanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo, pa ndege ya mtundu womwewo kapena pa simulator (makina ophunzirira kuyendetsa ndege uli pansi) yovomerezeka. Akuluakulu a mu ofesi amatanganidwa ndi mapepala mpaka masikuwo kutha osazindikira. Muziwaikira maulendo awoawo mwezi uliwonse, osati kuwakumbukira pokhapokha wina akadwala.

Wokonza ndandanda:
Zikomo kwambiri, bambo. Ndayang'ana tsopano, ndipo ndapeza kuti wachiwiri kwa mkuluyo watsala ndi masiku 11 okha kuti akwane 90. Ndamuika pa ulendo wa ku Victoria Falls Lolemba, ndipo za chizindikiro cha masiku a mu ofesi ndikazifotokoza pa msonkhano wa mawa bukulo lili m'manja.