Amuna anga akuti kulira ndi kukakamira zinthu, ndithandizeni nzeru

Admin, chonde mubise dzina langa.

Moni nonse pagulu pano. Ndine mayi wa ana awiri, tikukhala ku Cape Town ndi amuna anga, kwathu ndi ku Ntcheu tonse. Nkhani yanga si ya chibwenzi, si ya nkhanza, n'chifukwa chake ndasowa woifotokozera. Ndikangoyamba, anthu amati "ndiye vuto lili pati?"

Bambo a kunyumbawa anapita kumaphunziro osinkhasinkha otchedwa Vipassana, a masiku 10. Anawauza za maphunzirowa ndi mnzawo wa kuntchito. Kumeneko foni umaipereka pofika, sulankhula ndi mnzako mpaka tsiku lomaliza litayandikira, suwerenga, sulemba. Belu limalira 4 koloko m'bandakucha, ndipo pa tsiku umakhala pansi maola pafupifupi 10 uli chitsinzire, kumvetsera mpweya wako ndi zimene thupi likumva. Madzulo kulibe chakudya chenicheni, ndi tiyi ndi chipatso basi. Salipiritsa, ukamaliza umapereka mwa kufuna kwako.

Zabwino zilipo, sindingabise. Mowa wa Loweruka anasiya. Kukalipa kuja kunatha. Koma munthu amene anabwera m'nyumba muno wazizira. Chilichonse chikachitika yankho ndi limodzi: "Zonse zimatha, ingoyang'ana." Amati mavuto onse amabwera ndi ego, kutanthauza mtima wa "ine, ine", ndipo munthu amene wadzuka muuzimu samva kuwawa. Ku msonkhano wa gulu lathu la Amalawi lothandizana pa maliro anasiya kupita, akuti thupi ndi chovala chabe. Ife ena tonse akuti tidakali m'tulo.

Chandilembetsa ndi ichi. Mwana wathu wamkazi, wa zaka 9, anabwera kuchokera kusukulu akulira, chikwama chikukwekwereka pansi. Anzake anamuzungulira n'kumamuimba kuti kwerekwere, mawu onyozera anthu obwera kuchokera kumayiko ena. Anathamangira kwa bambo ake n'kuwagwira mwendo. Iwo sanamunyamule. Anamuyang'ana mofatsa n'kumufunsa kuti, "Amene watukwanidwayo ndi ndani? Ufufuze, upeza kuti palibe." Mwana anasiya kulira, inde, koma kuyambira tsiku limenelo sawauzanso kanthu.

Ndiye ndikufunsa amene mukuzidziwa zinthuzi. Kodi chiphunzitsochi chimanenadi zimenezi? Ndiwauze ankhoswe kumudzi, kapena ndi matenda oti tipite nawo kuchipatala? Ndimawakonda amuna anga, sindikufuna kuwachititsa manyazi.

NDEMANGA

Mayi wa Mvano, Lilongwe: Mwana wanga, zimenezo si za kwathu. Gwadani pansi mupemphere, muwauzenso abusa anu. Ambuye Yesu amene analira pamanda a Lazaro, Yohane 11:35. Ndani angapose Yesu kuyera mtima mpaka kunena kuti misozi ndi kufooka?

Mnyamata wa ku Ndirande: Asisi, munthu wasiya mowa, sakukalipa, ndalama akubweretsa. Amayi ambiri pagulu pano akupempherera zimenezo. Apatseni nthawi.

Mwini funso: Achimwene, ndikuthokoza Mulungu pa zimenezo. Koma mwana akufuna bambo womunyamula.

Bambo wa ku Pretoria: Mayi, ine ndine Mmalawi mnzanu, ndakhala ndikusinkhasinkha zaka zambiri, ndipo nthawi zina ndimapita kukachisi wa Chibuda wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit. Maphunziro a masiku 10 amenewo ndinachitanso, ndipo amachokera ku chiphunzitso cha Buddha, amene anayambitsa Chibuda. Anawafalitsa ndi S.N. Goenka, wobadwira ku Burma mu 1924, amene anayamba kuphunzitsa ku India mu 1969 n'kumwalira mu 2013. Ndikuyankheni mosazungulira: zimene anauzidwa mwanayo si chiphunzitso cha Buddha. Bambowo atola theka, theka lina alisiya.

Buddha sananene kuti munthu wodzuka samva kuwawa. Anapereka chitsanzo cha mivi iwiri. Muvi woyamba ndi ululu weniweniwo: matenda, imfa, chipongwe. Umenewo umalasa aliyense, woyera mtima ndi wochimwa yemwe. Muvi wachiwiri ndi umene timadzibaya nawo tokha pambuyo pake: "chifukwa chiyani ine, ndine wachabechabe, sindidzakhululuka." Kusinkhasinkha kumathandiza pa muvi wachiwiriwo. Mwana wanu anabwera ndi muvi woyamba uli m'thupi. Pamenepo sipofunsa mafunso ozama, ndi pomukumbatira, kenako n'kupita kusukuluko kukaonana ndi aphunzitsi.

Pali nkhani ya mayi wina dzina lake Kisa Gotami, wa mumzinda wa Savatthi. Mwana wake mmodzi yekhayo atamwalira, mutu unasokonekera, ankayenda ndi mtembo kufunafuna mankhwala. Atafika kwa Buddha, iye sanamuuze kuti mwanayo kulibe, kapena kuti ukukakamira. Anamutuma kukapempha njere za mpiru pakhomo pamene sipanagwepo maliro. Mayiyo anayenda khomo ndi khomo. Mpiru unalipo paliponse, koma banja lililonse linamuuza za akufa awo. Pofika madzulo anavomereza n'kukaika mwana wake. Taonani, anamutumiza kwa anthu anzake, kuti akamve kuti sali yekha. Ndi zomwe timachita ife pa siwa.

Chinanso, muwafunse bambowo zimene anaphunzira tsiku la 10. Tsiku limenelo amaphunzitsa metta, kufunira zabwino anthu onse mochokera pansi pa mtima, ndipo amati uzitsekera nayo kusinkhasinkha kwako tsiku ndi tsiku. Ngati munthu watuluka ndi bata koma wopanda chifundo, ntchito sinathe. Ndipo kuuza akazi ako kuti adakali m'tulo, iwe ndiwe wodzuka, imeneyo ndi ego yomwe ija, yangosintha malaya.

Mphunzitsi wa ku Dedza: Bambo wa ku Pretoria, musakometse. Buddha yemweyo si uja anathawa usiku kusiya mkazi ndi khanda? Mayiwa ali ndi chifukwa choopera.

Bambo wa ku Pretoria: Aphunzitsi, n'zoona. Siddhartha Gautama, amene ndiye Buddhayo, ali ndi zaka 29 anasiya mkazi wake Yasodhara ndi mwana wawo Rahula, ndipo zimenezo zimandivuta ngakhale ine. Koma tipitirize nkhaniyo. Anadzizunza zaka 6, kusala kudya mpaka kutsala mafupa okhaokha, kenako anaona kuti kudzizunza sikupindula, analandira chakudya n'kuyamba kuphunzitsa njira ya pakati. Anabwereranso kwawo ku Kapilavatthu. Rahula atalowa umonke, agogo ake a Suddhodana anadandaula ndi mtima wosweka, ndipo Buddha anaika lamulo loti mwana asamalandiridwe popanda chilolezo cha makolo. Komanso moyo wa amonke ndi wina, wa anthu a pabanja ndi wina. Kwa mnyamata wina dzina lake Sigala anaphunzitsa momveka kuti mwamuna alemekeze mkazi wake, asamunyoze, akhale wokhulupirika, ndipo ana asamale makolo amene anawalera. Amuna a mayiwa si mmonke, ali ndi banja.

Namwino wa odwala maganizo, Zomba: Achemwali, ndisanakuuzeni kanthu ndifunse. Munthu sangodzuka n'kukakhala chete masiku 10 popanda chomukankha. Chinachitika n'chiyani miyezi ya m'mbuyo asanapite?

Mwini funso: Anamwino, mwandigwira pamtima. Apongozi anga, mayi awo, anamwalira chaka chatha. Mapepala a amuna anga anali atatha. Kuno ukapitirira masiku 30 mapepala atatha, potuluka pa boda amakuletsa kulowanso zaka 5, ndiye ntchito, sukulu ya ana, zonse zikanathera pomwepo. Sanapite. Maliro a mayi awo anaonera pa foni, pa video call ya WhatsApp, mlamu wanga atagwira foni kumanda. Netiweki inkadukaduka. Pamene bokosi linkatsika chithunzi chinaima, chitabwerera anthu anali akukwirira kale. Anaika foni patebulo, anavala nsapato n'kupita kuntchito. Sindinawaone akulira mpaka lero. Iwo ndiwo mwana woyamba, ndipo ndi amene anawamangira mayiwo nyumba ya malata.

Namwino wa odwala maganizo, Zomba: Ndiye nkhani ndi imeneyo. Sindingapime munthu pa Facebook, koma zimene mukufotokozazi n'zodziwika. Katswiri wina wa za maganizo wa ku America, John Welwood, amene naye ankasinkhasinkha, anazitcha spiritual bypassing m'zaka za m'ma 1980. Ndi pamene munthu akugwiritsa ntchito zauzimu pozemba bala limene sakufuna kulikhudza. Sizichitika kwa osinkhasinkha okha. Ndaonapo anthu opemphera akuti "zonse ndi chifuniro cha Mulungu" pakamwa, usiku osagona miyezi.

Taganizani. Munthu amene mtima ukumuimba mlandu woti sanaponye dothi m'manda a mayi ake, wina n'kumuuza kuti thupi ndi chovala ndipo "ine" kulibe. Kwa iye amenewo ndi mankhwala oletsa ululu. Akavomera kuti mwana wake wapwetekadi ndi mawu a anzake, ndiye kuti avomerenso kuti naye anapwetekadi. N'chifukwa chake sanathe kumunyamula. Gulu la maliro lija akulithawa pa chifukwa chomwecho.

Dziwaninso kuti kusinkhasinkha kwa maola ambiri sikukomera aliyense. Mu 2017 akatswiri a pa Brown University, Jared Lindahl ndi Willoughby Britton ndi anzawo, anatulutsa kafukufuku atacheza ndi anthu 60 osinkhasinkha amene anakumana ndi zovuta. Ena anafotokoza mantha, kusowa tulo, kuuma mtima osamvanso chimwemwe kapena chisoni, ndi kudziona ngati si iwo. Choncho muziyang'ana izi: kodi akugona? Akudya? Kuntchito zikuyenda? Akunenapo zoti moyo ulibe phindu kapena kuti bola kufa? Mukamva mawu otero musadikire mawa, pitani nawo kukiliniki tsiku lomwelo. Ngati zimenezo palibe, uphungu wa anthu oferedwa ungathandize, ndipo kukiliniki ya boma angakulozereni kopita.

Mayi wa Mvano, Lilongwe: Ndawerenga za apongozi anuzo, misozi yatsika. Pepani mwana wanga. Abwenzi a Yobu anakhala naye pansi masiku 7 osanena kanthu, analakwitsa atayamba kulankhula. Mwina nanunso muyambe n'kungokhala nawo pafupi.

Malume wa ku Balaka: Mwana wanga, za ankhoswe ndikuyankhe ine. Ukawaimbira n'kunena kuti "amuna anga alowa chipembedzo chachilendo," nkhani ifika kumudzi itasanduka ya satanic, ndipo munthuyo adzatseka pakamwa mpaka kalekale. Ankhoswe ndi a milandu ya banja, apa palibe mlandu, pali maliro amene sanathe. Kwathu munthu akaferedwa sitimusiya yekha. Timagona pa siwa, timaimba usiku wonse, timameta, pakapita nthawi timamanga chiliza. Zonsezo zimathandiza otsala kuti mtima uvomere. Mwamuna wakoyo sanapeze ngakhale chimodzi. Uyankhule ndi malume ake enieni, kapena mlongo wake amene amamumvera, osati kuti amudzudzule, koma ayambitse nkhani ya chiliza n'kumupatsa udindo monga mwana woyamba. Asankhe yekha mawu olemba pamwalapo. Tsiku lovundukula chilizacho, inu kumeneko itanani anthu akwanu, muphike nsima, muimbe nyimbo zimene mayiwo ankazikonda. Mutu umodzi susenza denga.

Mtsikana wa ku Blantyre: Ine ndingowonjeza kuti musawaletse kusinkhasinkhako. Mukalimbana nako adzaona ngati mukuwalanda chokhacho chimene chawagwira. Mwinanso n'chimene chawateteza ku mowa nthawi yonseyi.

Bambo wa ku Pretoria: Ndikugwirizana nazo. Ndipo akafuna, alembere aphunzitsi amene anatsogolera maphunzirowo, ophunzira akale amaloledwa kufunsa mafunso. Awauze za imfa ya mayi awo mosabisa. Mphunzitsi wabwino sangawauze kuti apondereze chisoni, chifukwa njirayi imati uyang'ane chimene chilipo, ndipo chimene chilipo mwa iwo pano ndi chisoni. Ananda, amene anatumikira Buddha zaka 25, analira atatsamira pachitseko pamene mphunzitsi wake ankamwalira. Buddha anamuitanitsa, anamutonthoza, n'kumuyamikira pamaso pa anzake chifukwa cha chikondi chake.

Mwini funso: Zikomo nonse, ndawerenga ndemanga iliyonse. Anamwino, akugona bwino ndipo kuntchito akupita, za kufa sananenepo, koma ndikhala tcheru. Dzulo ana atagona sindinatsutsane nawo za ego. Ndinangowauza kuti ndawasowa amayi, makamaka mmene ankatiimbira Lamulungu lililonse kufunsa ngati ana adya. Anayamba kunena kuti zonse zimatha, koma sanamalize. Kenako anandifunsa ngati mlamu wanga anakonza denga la khitchini ya amayi lija linkadontha. Aka n'koyamba kuwatchula chimwalirireni. Mawa ndiwaimbira alongo awo za chiliza, monga mwanenera malume.

Chatsala ndi mwana. Kusukulu ndipite ndekha, kapena ndiwakakamize bambo ake tipitire limodzi?

Mphunzitsi wa ku Dedza: Musawakakamize, koma muwapemphe mwachindunji, tsiku ndi ola, kuti "Lachiwiri 7 koloko tikaonane ndi aphunzitsi a mwana." Musanapite, lembani zimene mwanayo akukumbuka: tsiku, malo, mawu amene ananenedwa. Yambani ndi mphunzitsi wa kalasi yake, zikapanda kusintha mupite kwa ahedi. Bambo ake akakana, pitani nokha sabata yomweyi, ndipo mwanayo mumuuze kuti mwapita chifukwa zimene anamuchitira anzakezo n'zolakwika.