Ndithandizeni maganizo, ndalama ya mankhwala bambo akupereka ku tchalitchi

Abale anga mwa Ambuye ndabisa dzina chifukwa ena pano timadziwana. Ndine dalaivala ku Moatize kuno ku Mozambique, bambo ali kumudzi ku Angónia kufupi ndi Ulongwe, ndi mkulu wa mpingo. Nkhondo itavuta mu 1986 anandibereka kumbuyo ndili ndi zaka 4, kuyenda usiku mpaka ku Dedza, ndipo kothawirako analonjeza Mulungu kuti tikadzabwerera amoyo adzamanga tchalitchi cha njerwa pamudzi. Tinabwereradi mu 1993 tonse. Kenako anagulitsa ng'ombe ziwiri zomwe anali nazo kuti ine ndiphunzire, anatsala akulima ndi khasu lokha.

Pano akudwala kuthamanga kwa magazi, mwezi uliwonse ndimatumiza ndalama pa M-Pesa ya mankhwala ndi shapa (minibasi) yopitira kuchipatala. Sabata yatha mlongo wanga wandiuza akulira kuti miyezi itatu ndalamayo akugula simenti ndi malata a tchalitchi, mankhwala akumwa modumphadumpha. Nditawaimbira anangoti mwananga ngongole ya Mulungu sindingafe nayo. Ndinasowa choyankha.

Komanso mwana wanga wamkazi wamaliza kalasi 12 akufuna unamwino, malipiro anga sangakwanire zonsezi, akazi anga akuti ndisiye kutumiza. Koma munthu wondibereka kumbuyo uja ndimumane bwanji? Nanga mwana yemwe ndinabereka ndekha ndimuuze kuti adikire tchalitchi chithe? Ndipange bwanji abale, sindikugona.

Mayi wina wayankha:
Pepani achimwene. Musasiye kuwathandiza koma musatumizenso ndalama m'manja mwawo, gulani mankhwala konkuno muwapatsire achemwali anuwo aziwamwetsa okha. Werengani Marko 7, Yesu anadzudzula anthu omana makolo ponamizira kuti chuma ndi cha Mulungu, sindikukhulupirira kuti Yesu yemweyo akufuna madala agwe ndi sitiroko chifukwa cha malata.

Bambo wina wayankha:
Ine ndikuwamvetsa akuluwo. Obadwa mtendere utabwera sadziwa zomwe tinaona, lonjezo la nthawi imeneyo si masewera ndipo Mlaliki 5 akuti usachedwe kukwaniritsa chowinda. Koma chowindacho ndi chawo osati cha mdzukulu. Paulo pa 2 Akorinto 12:14 akuti makolo ndiwo asungire ana. Iwo anagulitsa ng'ombe chifukwa cha inu, ndiye mukawauza bwinobwino kuti mdzukulu wawo akukhala pakhomo chifukwa cha fizi sindikuganiza kuti angakondwe nazo. Munawauza kodi?

Wina wayankha:
Nanga abusa ndi akulu anzawo akudziwa kuti simentiyo ikuchokera pa mankhwala? Tchalitchi samanga munthu mmodzi. Pitani nokha kumudzi, izi si za pafoni, mukhale pansi ndi abusa, mpingo wonse usenze, ena aumbe njerwa ena apereke thumba la kachewere akakolola.

Wofunsa wayankha:
Zikomo nonse. Zoona bambo za mdzukulu wawo sindinawauze, ndimaopa kuwapweteka mtima poti amamukonda kwambiri. Loweruka ndikwera shapa kupita ku Ulongwe, mankhwala a miyezi iwiri ndagula kale. Koma chondivuta nchakuti ndikayamba ndapita kwa abusa mwina aona ngati ndawachititsa manyazi pamaso pa mpingo, ndiyambe ndi iwo kapena abusa? Mundipempherere.