Amayi akufuna kukwera cable car ku San Francisco koma mawondo ndi ovuta, ndiyambire pati?

Nachisale_Area25 analemba:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene munafikako ku San Francisco. Mwezi wa Julayi ine ndi amayi anga tikupita kukaona mlongo wanga amene amakhala ku Oakland, ndipo mlamu wanga wati tsiku limodzi tidzawoloka kukaona mzindawo. Amayi ali ndi zaka 71. Chionereni pa foni ya mdzukulu wawo tingolo tija tokwera chitunda anthu atalendewera m'mbali, nkhani yawo ndi yomweyo. Akuti za m'masitolo alibe nazo ntchito, iwo akufuna akwere "sitima ya chingwe" basi. Malemu bambo athu anagwira ntchito ya njanji ku Limbe zaka zambiri, ndiye chilichonse choyenda pa njanji chimawafika pamtima.

Chondidetsa nkhawa ndi mawondo awo. Amayenda ndi ndodo ndipo sangaime nthawi yaitali. Ndamva kuti pamakhala mzere wautali zedi. Kodi n'zoona? Nanga munthu wachikulire angakwere bwinobwino? Komanso ndikaona mmene misewu yake ikutsetserekera, mtima umandigunda: chingwecho chitaduka zimatha bwanji? Ndalama zake ndi zingati? Chonde ndithandizeni, sindikufuna ndiwatengere kutali konseko n'kubwerera osakwera.

Achimwene_kuBay anayankha:

Achemwali, musadandaule, amayi akwera ndithu. Ndakhala kuno zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mlendo aliyense wochokera kumudzi ndimamuperekeza kumeneko.

Njira za cable car zimene zatsala ndi zitatu: Powell-Hyde, Powell-Mason ndi California. Ziwiri za Powell zimayambira pamphambano ya misewu ya Powell ndi Market. Pamenepo pali bwalo lathabwa lozungulira. Ngolo ikafika, ogwira ntchito amatsika n'kuikankha ndi manja mpaka itatembenuka. N'zosangalatsa kuonerera, koma ndi pomwenso alendo onse amakhamukira. Mu Julayi masana mutha kuima ola lathunthu, nthawi zina kupitirira. Kwa amayi ameneyo si malo oyambira.

Chitani chonchi. Kuchokera ku Oakland kwerani sitima ya BART, mutsikire pa siteshoni ya Embarcadero. Mukangotuluka, njira ya California imayambira pafupi pomwepo, pamene msewu wa California ukukumana ndi Market. Ngolo za njira imeneyi zimayendetsedwa kutsogolo ndi kumbuyo komwe, sizifuna kutembenuzidwa, ndipo popeza sizipita ku Fisherman's Wharf, malo a m'mbali mwa nyanja okonda kupitako anthu odzaona mzinda, alendo ambiri sazilabadira. Kangapo konse ndafika pamenepo m'mawa n'kupeza ngolo itaima, mipando ili mbee. Imayamba pa malo osalala pakati pa nyumba zitalizitali za mabanki, kenako n'kuyamba kukwera, kudutsa Chinatown pa Grant Avenue, mpaka pamwamba pa Nob Hill pomwe pali hotela ya Fairmont ndi tchalitchi cha Grace Cathedral, n'kukathera pa Van Ness Avenue. Mukafika pamwambapo muwauze amayi acheuke. Msewu umaoneka utatsetsereka mpaka kunyanja, mlatho wa Bay Bridge ukuonekera pakati pa nyumba.

Pokwerera pake ndi potalikirapo pang'ono, ndipo ngolozi sizinyamula njinga ya olumala. Ndi ndodo n'zotheka, bola mmodzi akhale pamwamba kuwagwira dzanja, wina kumbuyo. Kwererani koyambira penipeni, pomwe ngolo imaima nthawi ndithu. Malo oima a m'njira ngolo imaima pakati pa msewu, magalimoto akudutsa m'mbali, ndipo munthu amafunika kuchita changu. Pakati pa ngolo pali chipinda cha mawindo, kunja kuli mabenchi oyang'ana kumsewu. Amayi akhale pansi, zolendewera pa mzati zija asiyire achinyamata.

Za ndalama: chaka cha 2023 ulendo umodzi unali madola 8 munthu mmodzi, ndipo mukatsika n'kukwera ina mumalipiranso. Ngati mukufuna kukwera kangapo, gulani tikiti ya alendo yotchedwa Visitor Passport ya tsiku limodzi pa MuniMobile, pulogalamu ya pa foni yogulira matikiti. Nthawi imeneyo inali madola 13, ndipo imagwiranso ntchito pa mabasi a Muni, omwe ndi mabasi a mzindawu. Mitengo imasintha, mlamu wanu ayang'ane tsiku lisanafike.

Makaniko_waNdirande anayankha:

Ine ndiyankhe za mantha a chingwe, chifukwa inenso ndinali nawo mpaka nditaona ndi maso mu 2019.

Ngolo zimenezi zilibe injini. Pakati pa njanji ziwiri pali mpata wopapatiza, ndipo pansi pake pamayenda chingwe chachitsulo chosaima, pa liwiro la makilomita pafupifupi 15 pa ola. Mukaima pamsewu ngakhale popanda ngolo, mumamva chikulira pansi pa mapazi anu. Woyendetsa, amene amamutcha gripman, amaima pakati pa anthu atagwira chigwiriro chachitali. Akachikokera kumbuyo, kunsi kwake kumaluma chingwe ngati pulayala, ngolo n'kuyamba kuyenda. Akafuna kuima amachimasula n'kuponda buleki. Ndi ntchito ya mphamvu, ya manja ndi msana, ndipo mayi woyamba kuigwira, Fannie Mae Barnes, anayamba mu 1998, patadutsa zaka zoposa 120 chiyambire.

Potsika chitunda ngolo imagwirabe chingwe, ndiye singathamange kuposa chingwecho. Kuonjezera apo pali mabuleki a mitundu itatu. Oyamba amagwira mateyala achitsulo. Achiwiri ndi zidutswa za matabwa zimene zimatsindira pa njanji penipeni. N'chifukwa chake potsetsereka mumamva fungo la thabwa lopserera, ndipo matabwawo amasinthidwa pakangopita masiku ochepa. Achitatu ndi a pangozi: chitsulo chonga mphero chimene chimakhomeka mu mpata uja, ndipo chikalowa nthawi zambiri amachita kuchidula ndi moto wowotcherera zitsulo kuti achitulutse. Kondakitala kumbuyo naye ali ndi buleki yake. Chingwe chikayamba kuyoyoka nsambo, kumalo oyendetsera amadziwa n'kuchiimitsa, ndipo amachikonza usiku ngolo zitaweruka.

Koma chimene ndalembera kwenikweni ndi ichi: ngati bambo anu anali a njanji, musabwerere osawafikitsa amayi ku Cable Car Museum, pamphambano ya Washington ndi Mason. Kulowa ndi kwaulere. Si malo ongoonetsa zakale ayi, ndi pomwe zingwe zonse zimakokedwera mpaka lero. Mumaima pakhonde lam'mwamba n'kumayang'ana pansi magudumu akuluakulu akuzungulira, pamwamba pake atalembapo mayina a zingwe zinayi: Hyde, California, Mason, Powell. Phokoso lake ndi fungo la girizi zinandikumbutsa chigayo chachikulu, kungoti ichi chikukoka ngolo zodzaza anthu m'mapiri a mzinda wonse. Ndinaimapo pafupifupi ola limodzi. Chidutswa cha chingwe anachiika poti munthu aone mkati mwake, ndipo chimene chinandidabwitsa n'chakuti pakati pa mawaya onsewo pali khonje. Khonje weniweni, yemweyu timapotera zingwe za mbuzi. Ndiye amachititsa kuti chingwe chizifewerako chikalumidwa.

Muonanso ngolo nambala 8 ya njira yoyamba ya Clay Street, ya mu 1873. Amene anayambitsa ndi Andrew Hallidie, wobadwira ku London, yemwe ntchito yake inali yopanga zingwe zawaya za m'migodi. Nkhani imati anaona akavalo akuterereka ndi ngolo pa chitunda chonyowa n'kukokedwera pansi, mpamene anaganiza zogwiritsa ntchito chingwe chake. Pofika 1890 njira zinalipo 23. Chivomezi ndi moto wa mu 1906 zinawononga zambiri, ndipo pomanganso malo ambiri anaikamo za magetsi.

Chenjezo limodzi: kuchokera pa msewu wa California kufika ku myuziyamu pa mapu pamaoneka pafupi, koma ndi potsetsereka kwambiri. Amayi asayende wapansi. Ngolo za Powell zimadutsa pakhomo pomwepo.

MayiAwiri_Leeds anayankha:

Achimwene a ku Bay anena zoona za mzere, koma ine sindikugwirizana nawo kuti mungokwera ya California n'kuthera pomwepo. Kanema amene amayi anaona, wa ngolo ikutsika nyanja ili kutsogolo, mosakayika ndi wa Powell-Hyde. Mukawakweza ina yokha, adzafunsa kuti nanga ija ili kuti.

Ife tinapita ndi apongozi anga aakazi, nawonso achikulire. Tinafika pa Powell ndi Market cha m'ma 7:30 m'mawa ndipo tinakwera ngolo yachiwiri, osadikira n'komwe. Khalani mbali ya kumanja. Ngolo ikakhota kulowa msewu wa Hyde imakwera Russian Hill, n'kuima pa Lombard Street, pomwe pali kamsewu kokhotakhota ka maluwa kaja. Kuchoka apo ndiye kutsika. Pamalo otsetsereka kwambiri mumatsika mamita 21 pa mamita 100 alionse, chilumba cha Alcatraz chili patsogolo panu, belu likulira, mphepo ikukuwombani kumaso. Apongozi anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zala zawo zinadinda, koma titafika pansi anali kuseka misozi ili mbwembwembwe. Kumapeto kwake kuli paki ya udzu ndi mabenchi, ndipo Ghirardelli Square, malo a masitolo ndi odyera, ili pafupi ngati mukufuna chakumwa chotentha. Pobwerera musaimenso pamzere wa kumeneko, umatalika msanga, tengani takisi.

Majuzi musaiwale! Julayi wa ku San Francisco si wa ku Oakland. Kutsidya kumatha kukhala dzuwa, inu n'kuwoloka n'kupeza nkhungu ndi kamphepo kolowa m'mafupa ngati chiperoni. Pa benchi yakunja ndiye kumazizira kawiri.

Chinthu china chimene mungawauze amayi: ngolozi zikanatha kalekale pakanapanda mzimayi. Mu 1947 meya Roger Lapham anafuna kuzichotsa kuti aikemo mabasi. Friedel Klussmann anasonkhanitsa amayi anzake, nkhani inapita ku voti, ndipo anthu anasankha kuti zikhale. Mu 1964 zinalembedwa m'gulu la zinthu zosungidwa za mbiri ya dziko la America, ndipo kuyambira 1982 mpaka 1984 anaimitsa zonse n'kumanganso njanji ndi nyumba ya makina. Malo otembenuzira ngolo a kumapeto kwa Hyde anawatcha dzina la mayi ameneyu.

Achimwene_kuBay anayankha:

Mayi a ku Leeds, pamenepo mwakhoza. Zonse ziwiri zingatheke tsiku limodzi. Njira ya California imadutsana ndi za Powell pamwamba pa Nob Hill, ndipo pamphambanopo ndi posalala. M'mawa kwambiri ngolo za Powell zimafikapo zili ndi malo. Achemwali, mukafika pamenepo muonetsetse manja a gripman wa ngolo ya Powell: chingwe cha California chimadutsa pamwamba pa chake, ndiye amayenera kumasula chake, ngolo n'kuwoloka ndi liwiro lokha, kenako n'kuchigwiranso kutsidya. Pakona pali kanyumba kakang'ono ka munthu wopereka zizindikiro kuti ngolo zisakumane.

Nachisale_Area25 analemba:

Ndabweranso kudzathokoza nonse atatu. Tinabwerera kumudzi sabata yatha, ndipo amayi anakwera.

Tinatsatira malangizo a achimwene. Pa Embarcadero tinafika isanakwane 8, kunja kuli nkhungu ya tolotolo, amayi atavala majuzi awiri ndi chitenje pamwamba. Mlongo wanga anakwera kaye n'kuwakoka, ine ndikuwachirikiza kumbuyo. Ndinkafuna akhale m'chipinda cha mawindo, koma anakana. Anakhala pa benchi yakunja pafupi ndi woyendetsa, ndodo ili pakati pa miyendo, ndipo njira yonse yokwera Nob Hill sanayang'ane nyumba ngakhale imodzi. Maso anali pa manja a bambo uja, mmene amakokera chigwiriro, mmene amapondera buleki, mmene amaimbira belu ndi kachingwe.

Pa Powell tinatsika. Ngolo yoyamba ya Hyde inali yodzaza, yachiwiri kondakitala ataona ndodo anapempha mnyamata wina kuti awapatse malo. Alcatraz sitinaione bwino, nkhungu inali isanachoke, tinangoona mdima wake pamadzi. Ine potsika pa Hyde ndinatsinzina, ndisaname. Nditatsegula maso ndinapeza amayi akununkhiza m'mwamba, n'kunditembenukira kuti, "Wamva? Mabuleki amenewo." Achimwene a ku Ndirande, fungo la thabwa lija analimva ndisanawauze n'komwe.

Ku myuziyamu tinapita pa takisi kuchokera kunyanja. Anatsamira chitsulo cha pakhonde paja n'kumayang'ana magudumu, osayankhula. Nditawauza kuti tikhale pansi apumitse mawondo anangogwedeza dzanja. Patapita nthawi anati fungo la mmenemo ndi lomwe linkakhala pa ovolosi ya bambo akaweruka, ndipo ankachita kuinyika usiku wonse lisanachoke. Za khonje sanakhulupirire mpaka ataona chidutswa chija ndi maso awo.

Madzulo mawondo anatupa ndithu, mlamu anawathowa ndi madzi ofunda, ndipo mawa lake sanatuluke m'nyumba. Anakhala pampando ndi foni yanga, kubwereza kanema amene mlongo wanga anajambula pa Hyde, kenako anandiuza kuti ndiwatumizire mwana wa mnzawo wa bambo wa ku Limbe, akawaonetse madala akewo chingwe chimene chimakoka sitima popanda injini.