Sanandipatse ma antibayotiki nditachira pa opaleshoni, anayiwala kapena?

Mayi wa awiri: Amayi anzanga ndithandizeni. Ndachira lachiwiri lapitali pa opaleshoni, kamnyamata, tonse tili bwinobwino koma chondidabwitsa n'choti ponditulutsa anangondipatsa mankhwala opha ululu basi pomwe pa mwana woyamba uja ndinamwa makapisozi sabata yathunthu. Apongozi akuti tigule amoxicillin tokha bala lingaole. Nditani?

Mzamba wopuma: Mwachita bwino kufunsa musanagule, mayi. Nthawi zambiri ma antibayotikiwo, mankhwala opha tizilombo aja, amakhala anakupatsani kale ku fiyeta kudzera pa kanula, kapaipi ka dilipi ka pamkono kaja, inu mutu uli pa mwana simungazindikire. WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, imalangiza dozi imodzi yokha, cefazolin kapena ampicillin, mphindi 30 mpaka 60 asanacheke khungu, kuti mpeni ukamafika mankhwala akhale ali kale m'magazi. Ife kale tinkadikira kuti timange kaye mchombo poopa kuti mankhwala afika kwa mwana, koma zinadzaoneka kuti kupereka msanga ndiye kumateteza bwino bala ndi chiberekero. Amabwereza ngati opaleshoni yatalika kwambiri kapena mwataya magazi ambiri. Za sabata yathunthu zija zimafunika pokhapokha ngati munali kale ndi matenda, apo ayi mukungophunzitsa tizilombo kusamva mankhwala. Onani pa pepala lomwe anakutulutsirani, kapena afunseni anesi.

Mama wa mapasa: Ine bala langa linachita mafinya tsiku lachisanu ndi chimodzi, madzi anali atasweka kalekale asananditengere ku fiyeta. Linayamba kufiira mbali imodzi, kutentha ukaligwira, kenako gozi kunyowa ndi zinthu zachikasu fungo lake eeh osanena, usiku ndikunjenjemera ndafunda mabulangete awiri. Ndinazengereza masiku awiri ati zitha zokha, mapeto ake anamasula ulusi wina ndikumatsuka bala tsiku ndi tsiku. Mukaona zimenezi kapena kumusi kukutuluka zonunkha osadikira tsiku la sikelo, thamangani.

Bambo wina: Pepani ndalowerera za amayi. Akazi anga penicillin amawatulutsa zidzolo thupi lonse ndiye tinanena tisanasayine fomu, anawapatsa clindamycin ndi gentamicin. Amene mukudikirira opaleshoni nenanitu zimenezi.

Mayi wa awiri: Ndapezadi pa pepala, alemba cefazolin 2g. Zikomo amama. Nanga apongoziwa ndiwauza bwanji, atuma kale mwana kukagula 😅