Zipinda zitatu pa mamita 10 kwa 9: kolido ndiichotse?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndikufuna pulani ya nyumba yosasanja ya mamita 10 m'litali ndi 9 m'lifupi: zipinda zogona zitatu, pabalaza, khitchini, bafa ndi chimbudzi. Kolido yapakati ikudya malo ambiri, koma ndikaichotsa zitseko zonse zikuyang'ana pabalaza. Malo ndingawapeze pati?

Wojambula mapulani:
Werengerani kaye, bambo. Kolido ya mita 1.2 kwa mamita 8 ndi masikweya mita 9.6, chipinda chathunthu chongodutsamo. Koma musaichotse yonse, ifupikitseni. Zipinda zogona ndi bafa ziunjikane mbali imodzi, zitseko zake zikumane pa kakolido ka mita imodzi kwa mamita atatu. Pabalaza ndi podyera pasakhale khoma.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pa zitseko. Chitseko chikakhala pakati pa khoma, chimadula khomalo pawiri, ndiye bedi silikwana uku, wodilopu sikwana uko. Chiikeni pafupi ndi ngodya, masentimita 10 kuchokera pakhoma linalo, kuti chikatseguka chizigona kukhoma. Musanavomereze pulani, jambulanimo mipando pa muyeso wake weniweni. Bedi la anthu awiri ndi pafupifupi mita 1.4 kwa 1.9, ndipo m'mbali mwake musiye masentimita 60 odutsa.

Mmisiri womanga:
Zoona. Onaninso makoma. Khoma logawa zipinda lomwe silisenza denga silifunika kukhala la masentimita 23, la 11.5 ndi lokwana. Pa mamita 20 a makoma amkati mwapeza kale masikweya mita oposa awiri. Chenjezo ndi loti mudziwiretu pomwe matabwa a denga adzakhazikika. Khoma lopyapyala likasenzetsedwa katundu yemwe silinakonzedwere limang'aluka.

Wa mapaipi:
Khitchini, bafa ndi chimbudzi zigundane misana pa khoma limodzi, ndipo chimbudzi chikhale kukhoma lakunja. Paipi yake ya mamilimita 110 ituluke mowongoka, yotsika pafupifupi sentimita imodzi pa masentimita 40 aliwonse. Ikakhala yaitali ndi yokhotakhota pansi pa simenti, tsiku lomwe idzatsekeke mudzaswa pansi. Chimbudzi chikhale ndi chitseko chakechake, wina akamasamba enanu musamadikire.

Wojambula mapulani:
Ndiwonjezerepo za kuwala, poti nyumba ya mamita 9 m'lifupi imachita mdima pakati. Kuwala kwa pazenera kumalowa bwino mtunda wowirikiza kawiri kutalika kochokera pansi kufika pamwamba pa zeneralo. Choncho pakatipo ikanipo zosafuna dzuwa, monga kachipinda kosungiramo katundu ndi mawodilopu. Pakati pa zipinda ziwiri mangani mawodilopu a masentimita 60 kuya, ina yotsegukira uku, ina uko. Amatchinganso phokoso. Chipinda chilichonse chokhalamo anthu chikhale ndi zenera lakunja losachepera gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa pansi pake, ndipo pabalaza mazenera akhale mbali ziwiri kuti mphepo izidutsa.