Kodi internship ya anthropology imawerengedwa bwanji ngati kosi ya ku yunivesite?

mwana_wa_ku_Dedza: Akuluakulu, ndithandizeni. Wophunzira anthropology (maphunziro a chikhalidwe cha anthu) ku America akafuna kugwira internship (ntchito yophunzirirapo) ku museum pa holide ya June mpaka August, amatani kuti apezepo ma credit (mapointsi amene amawerengedwa pa digiri)? Kodi zingatheke kukaichitira kumudzi, monga ku Chichiri Museum kapena ku Kungoni ku Mua?

mlangizi_zomba: Achimwene, mapepala asainidwe musanayambe ntchito. Mayunivesite ambiri sawerenga maola amene munagwira musanalembetse kosi, ngakhale a ku museum akulembereni kalata yokoma chotani. Yambani ndi kupeza mphunzitsi wa m'dipatimenti yanu woti akuyang'anireni. Kenako mulembe mgwirizano umene mudzasaine anthu atatu: inuyo, mphunzitsiyo, ndi wokuyang'anirani kumalo a ntchito. M'menemo muzikhala ntchito zenizeni. Musalembe kuti "kuthandiza ku museum" basi, dipatimenti ikhoza kukubwezerani. Lembani kuti mudzalowetsa zinthu m'kaundula, kuona ngati nambala ya pachinthu ikugwirizana ndi ya m'buku, kujambula zithunzi, kulemba mawu ofotokozera alendo.

Kawirikawiri credit imodzi ndi maola 40 mpaka 45, ndiye kosi ya ma credit 3 imafuna maola 120 mpaka 135. Muzilemba maola tsiku lililonse, okuyang'aniraniwo azisaina sabata ndi sabata. Magiredi amachokera pa manotsi anu, lipoti lomaliza, ndi ndemanga ya kumalo a ntchito.

nachisale_ohio: Ndiwonjezereko za viza. Ngati muli pa F-1 (viza ya ophunzira ochokera kunja) ndipo internship ili ku America konko kunja kwa kampasi, mufunika chilolezo cha CPT (chogwirira ntchito yokhudzana ndi maphunziro anu), ndipo chilembedwe pa I-20 yanu (chikalata cha ku yunivesite chosonyeza kuti ndinu wophunzira wa pa F-1) tsiku loyamba lisanafike. Nthawi zambiri amapereka kwa amene waphunzira kale chaka chathunthu. Samalani: CPT ya maola opitirira 20 pasabata ikakwana miyezi 12, mwayi wa OPT (chilolezo chogwira ntchito ku America mukamaliza maphunziro) umatha. Mukaichitira ku Malawi, CPT siifunika, koma onetsetsani kuti siginecha yoyendera pa I-20 sinathe mphamvu. Funsaninso za fizi, chifukwa ma credit a pa holide amalipiridwa padera, ndipo scholarship zina sizilipira zimenezi.

wa_zofukufuku: Kumudzi ndi kotheka ndithu, ndipo ndingakulimbikitseni. Koma musiyanitse ntchito ya m'nkhokwe ya museum ndi kafukufuku wa anthu. Mukafuna kufunsa akuluakulu a m'midzi mafunso n'kudzasindikiza zimene mwapeza, pafunika chilolezo cha IRB ya yunivesite yanu (komiti yoona kuti kafukufuku sakuvulaza anthu) komanso cha komiti ya kuno ku Malawi, monga ya pansi pa National Commission for Science and Technology. Zimatenga nthawi, ndiye pemphani semesita isanathe.

Ku Mua kuli zigoba zambiri za Gule Wamkulu. Kuziona m'museum sikukupatsani ufulu wozijambula kapena kulemba zinsinsi za kudambwe mu lipoti lanu. Funsani kaye oyang'anira malowo, ndipo mukamalowa m'mudzi muyambe mwaonekera kwa amfumu.