Ndithandizeni: wondiyang'anira pa kafukufuku ndimusankhe poona manambala ake?

Abale ndi alongo a pa gulu lino, makamaka inu a zachipatala ndi a m'mayunivesite, ndabwera ndi funso limene landisowetsa tulo mwezi wathunthu. A admin mundikhululukire, ndabisa dzina chifukwa anthu amene ndikuwanenawa ndi odziwika ndipo sanandilakwire chilichonse.

Ine ndimajambula odwala, X-ray ndi CT, ndipo ndatha zaka 6 pa ntchitoyi. Chimene chinandikokera ku kafukufuku ndi ana odwala malungo a mu ubongo. Amene munagwirapo ku wodi ya ana nthawi ya dzinja mukudziwa. Mwana wabwera ali chikomokere, wabayidwa mankhwala a malungo a artesunate, tizilombo m'magazi tayamba kuchepa, koma usiku womwewo wasiya kupuma. Wina amatsitsimuka, mayi n'kupita naye kwawo akusangalala, pakatha miyezi akubweranso naye akugwa khunyu. Ndikufuna ndiphunzire kuwerenga zithunzi za ubongo wa ana oterewa, ndichite masters, Mulungu akalola ndidzafike pa PhD.

Ndalankhula ndi akuluakulu awiri ndipo onse avomera kundiyang'anira. Oyambawo ali ku Britain. Nditatsegula tsamba lawo pa Google Scholar ndinachita kugwira pakamwa: mapepala oposa 300, h-index (nambala yoyezera kutchulidwa kwa mapepala a munthu) yodutsa 60. Achiwiriwo ali konkuno, mapepala awo sakwana 50, h-index ili cha m'ma 15. Koma pafupifupi onse ndi okhudza malungo, khunyu ndi sitiroko mwa anthu athu, ndipo ndikawalembera amayankha tsiku lomwelo. A ku Britain aja amatha milungu iwiri, kenako amayankha ndi wowathandizira.

Anzanga akuti ndisapusitsidwe ndi kuyankha msanga, dzina lalikulu ndilo limatsegula zitseko. Kodi manambalawa amanena chiyani kwenikweni? Munthu wa 60 ndiye kuti amadziwa kanayi kuposa wa 15? Ndili ndi mwana wa zaka zitatu, ndipo zaka zimene ndikufuna kuperekazi sindidzazipezanso.

Mayankho

Mphunzitsi wa ku koleji ya zachipatala:
Achemwali, tiyambe ndi tanthauzo lake. Nambala ya h-index anaiyambitsa Jorge Hirsch, katswiri wa physics, mu 2005. Munthu akakhala ndi h-index ya 15 ndiye kuti ali ndi mapepala 15 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 15 m'mapepala ena. Basi. Nambalayi simatsika, imangokwera ndi zaka, moti wazaka 65 amaposa wazaka 42 ngakhale onse atakhala akhama mofanana. Sisiyanitsanso amene anaganiza funso, kusonkhanitsa odwala ndi kulemba, ndi amene dzina lake lili pa nambala 87 mwa olemba 200. Pa zojambula ubongo zimenezi zilipo zambiri. Magulu ngati ENIGMA amasonkhanitsa zithunzi za MRI za m'mayiko ambiri, pepala limodzi n'kukhala ndi olemba mazana, ndipo aliyense amalandira ma citation onsewo, kutanthauza kutchulidwa konse kwa pepalalo m'mapepala ena. Mapepala a Global Burden of Disease nawonso ndi chimodzimodzi. Ntchito zimenezo ndi zabwino, koma sizikuuzani ngati munthuyo adzakhale nanu pansi kuwerenga chithunzi.

Chinanso, poyerekeza gwiritsani malo amodzi. Google Scholar imawerenga zambiri, ndi ma thesis omwe, ndiye nambala yake imakhala yokwera kuposa ya Scopus kapena Web of Science.

Dokotala wa ku Leeds:
Aphunzitsi anena zoona, koma ndisakunamizeni mlongo wanga, manambala amagwira ntchito. Ndakhalapo pa komiti yosankha ophunzira. Pamakhala mafomu ambirimbiri ndipo nthawi ndi yochepa, kalata yochokera kwa munthu wodziwika imawerengedwa ndi maso ena. Mayunivesite ambiri anasaina chikalata cha DORA cha mu 2012, chonena kuti tisamayeze munthu ndi impact factor (nambala yoyezera kutchuka) ya magazini imene analembamo, koma chizolowezi sichinathe m'mitu ya anthu. Komanso kuno ku Britain makina a MRI amphamvu, a 3 tesla, alipo, ma physicist alipo, ndalama zolipirira kusindikiza zilipo. Musanyoze zimenezo.

Namwino wopuma pa ntchito, Ndirande:
Mwana wanga, ine za manambalazo ndisiyire anzangawa, ndikuuze zimene zinachitika pa Queens pompano, poti funso lako lija la mwana amene wasiya kupuma ena analifunsa kale.

Dr Terrie Taylor a ku Michigan State University anayamba kubwera ku Blantyre mu 1986. Mu 1989, iwo ndi Prof Malcolm Molyneux, Dr Jack Wirima ndi anzawo anatulutsa njira yoyezera kukomoka kwa mwana wamng'ono amene sanayambe kulankhula, ija timaitcha Blantyre Coma Score, kuyambira 0 mpaka 5. Lero ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Kenako panabwera kafukufuku wopima matupi a ana omwalira, ndipo si chinthu chapafupi kupempha kholo limene langoferedwa kumene. Zotsatira zinatuluka mu 2004: mwa ana 31 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anali atafa ndi matenda ena. Chimene chinkasiyanitsa magulu awiriwa ndi zimene zimaoneka mkati mwa diso, n'chifukwa chake madokotala amaunika m'maso mwa mwana wokomoka.

MRI inafika pa Queens mu 2008, ya mphamvu yochepa, 0.35 tesla, pamene kunja akugwiritsa ntchito za 1.5 ndi 3. Makina omwewo ndi amene anapereka yankho limene linatuluka mu New England Journal of Medicine mu 2015, lolembedwa ndi Dr Karl Seydel, Dr Samuel Kampondeni ndi anzawo. Anajambula ana 168. Omwalira anali 25, ndipo 21 mwa iwo ubongo unali utatupa kwambiri pa chithunzi choyamba. Mwa opulumuka 143, otupa chotero anali 39 okha. Ubongo ukatupa umasowa kolowera m'chigaza, umakanikiza tsinde lake limene limayendetsa kupuma, mwana n'kusiya kupuma. Werengera wekha, kuchoka 1986 kufika 2015, funso limodzi lomwelo. Ndiye ukamayang'ana mapepala a anthu awiriwo, ona ngati pali funso limene munthuyo wakhala akulitsata osalisiya.

Wophunzira PhD ku Cape Town:
Amayi a ku Ndirande atithandiza tonse. Ine ndingowonjezera chimene ndinachita posankha. Lowani pa PubMed, tsamba la pa intaneti lofufuzira mapepala a zachipatala, lembani dzina la aliyense, muone mapepala a zaka zisanu zapitazi okha. Pa zachipatala, dzina loyamba nthawi zambiri ndi la amene anagwira ntchito yaikulu, lomaliza ndi la mwini gulu. Werengani mapepala amene bwanayo ali komaliza, kenako muone amene ali koyamba ndi ndani. Ndi ophunzira ake? Alipo a ku Africa kuno, kapena athu amangopezeka pakati ndi m'mawu othokoza? Mukapeza mayina awiri kapena atatu, alembereni mwaulemu muwafunse: munamaliza m'zaka zingati, ankakumana nanu kangati pa mwezi, pepala lanu ankalisunga nthawi yaitali bwanji asanalibweze? Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo amene amadziwa ndi amene anadyako.

Muonenso magazini amene amalembamo. Alipo ongofuna ndalama, osindikiza chilichonse m'masiku ochepa popanda akatswiri kuunika. Koma musasokoneze amenewo ndi magazini athu. Malawi Medical Journal ili pa PubMed ndipo madokotala a m'zipatala zathu amaiwerenga.

Bambo wa ku Mchinji:
Pepani ndalowerera, si wa sukulu ine. Mdzukulu wanga anadwala malungo okomoka chaka chatha, pano wagwa kawiri. Kodi n'zogwirizana?

Dokotala wa ku Leeds:
Bambo, zimatheka ndithu. Kafukufuku wa ku Blantyre wotsogoleredwa ndi Dr Gretchen Birbeck, wotuluka mu 2010, anapeza kuti mwa ana 132 opulumuka malungo a mu ubongo, 12 anadzayamba khunyu. Pitani naye kuchipatala sabata ino, mutenge buku lake la kuchipatala ndipo munene za malungo aja. Mankhwala oletsa kugwa alipo. Akagwa mugonekeni cham'mbali, musaike kanthu m'kamwa, ndipo asamakhale yekha pafupi ndi moto kapena madzi.

Mphunzitsi wa ku koleji ya zachipatala:
Ndibwerere kwa achemwali. N'chifukwa chiyani mukuganiza kuti muyenera kutaya mmodzi? Ophunzira ambiri amakhala ndi owayang'anira awiri. Odwala anu ali kuno, chilolezo cha kafukufuku mudzachipempha kuno, ku makomiti ounika kafukufuku a COMREC kapena NHSRC, ndipo munthu wokudutsitsani m'zimenezo ndi wa kunoyo. Wa kunjayo athandize pa kusanthula zithunzi ndi kukulandirani miyezi ingapo. Koma nkhani ya amene adzakhale dzina loyamba muikambe poyamba, ilembedwe mu imelo. Anthu ojambula ngati inu ndi amene amaiwalika kawirikawiri pepala likamatuluka.

Mwini funso:
Zikomo nonse, amayi a ku Ndirande ndawerenga zanu kangapo. Usiku wathawu ndachita zimene achimwene a ku Cape Town ananena. A ku Britain aja, m'zaka zisanu zapitazi ali komaliza pa mapepala ambiri ndipo ophunzira awo amamalizadi, koma onse ndi a matenda oiwala mwa okalamba, palibe la malungo ngakhale limodzi. A kuno ali komaliza pa mapepala 9, ndipo pa 6 dzina loyamba ndi la wophunzira wa Chimalawi. Mmodzi ndamulembera kale, ndikudikira yankho.

Maganizo a aphunzitsi a owayang'anira awiri andigwira mtima, koma ndili ndi mantha amodzi. Onsewa anavomera akudziwa kuti adzakhala okha. Ndiyambe kuuza ati, ndipo a ku Britain aja ndiwapemphe bwanji kuti akhale achiwiri popanda kuoneka ngati ndawachepetsa? Amene munalembapo kalata yotere, chonde ndiuzeni mawu amene munayamba nawo.